Chakwathu cha aMesitiri Mbewe

Mboni zanga ndizitchuliretu, chifukwa ndikudziwa kuti pofika pakati pa nkhaniyi wina ayamba kukanda m'mutu. Woyamba ndi Dominiko wa ku Furancungo, amene ndidagona naye chipinda chimodzi kumgodi mpaka nsikidzi zidaleka kutisiyanitsa. Iyeyo adamwalira, koma adali munthu wonena zoona, ndipo sindidamve kuti imfa idamusintha. Wachiwiri ndi kapitawo wathu Sibanda, Mndebele. Chichewa samva, choncho palibe chimene angatsutse. Wachitatu ndi phewa langa lakumanzereli, limene limalira ngati chitseko cha kantina mvula ikamayandikira. Wokayika abwere adzaligwire. Sindilipiritsa.

Ndidachoka ku Tsangano nkhondo ikadali nkhani ya anthu odutsa, yomvera pamsika uku ukugula mchere. Sindidathawe mfuti ine, ndidathawa kuzizira ndi denga laudzu. Kwathu mwezi wa chisanu tambala amalira m'mawa koma mawu ake amamveka masana, atasungunuka. Ndikanama mphenzi ing'ambe. Ndimafuna malata ndi njinga basi. Amayi adandimangira mbatata ya kachewere yootcha ndi mapichesi m'kansalu, ine n'kuwauza kuti tirigu akadzacha kachiwiri adzandiona ndikutsika mtunda wa kumsika ndikuliza belu. Ndidadzera ku Zobwe, kuwoloka mlatho wa Tete, mpaka ku Zimbabwe. Sindidadziwe kuti msewu ukudzitseka kumbuyo kwanga.

Ntchito ndidaipeza pa mgodi wina wa golide. Golideyo sindidamuonepo. Ine ndimaona miyala, mdima ndi matako a mnzanga wokankha ngolo kutsogolo kwanga. M'komboni mudali anthu a kwathu osayamba, a ku Dedza, a ku Katete, a ku Angoniya, moti ukatseka maso Lamulungu masana umayesa uli kumudzi, kupatula kuti fumbi lake limanunkha wonga. Ine panthawiyo ndidali chimunthu, khosi ngati mtondo. Ndidali nditagulanso mangolomera kwa mkulu wina wa pakomboni, amene adanditemera m'manja onse awiri n'kundiuza kuti ndisadzamenye khoma la nyumba yogona anthu.

Tsiku lina titaweruka ndidapeza mzere pampopi. Kutsogolo kudali kankhalamba kena kafupi, miyendo ngati ya kakowa, kakutsuka mbale mosafulumira.

"Madala, tapatukani, anthu ogwira ntchito asambe," ndidatero, n'kukakankha paphewa.

Chimene chidachitika sindidachione. Ndidangoona denga la komboni lili pansi panga, ndipo padengapo padali nsapato yanga imene idasowa mwezi wathawo. Ndidaizindikira bwinobwino, ndidali ndi nthawi. Nditatera m'matope, kankhalambako kadali kakutsukabe mbale ija.

"Mayo ine, msana wanga!" ndidalira.

Kadaleka kutsuka. "Tabwerezanso. Kaliridwe ako ndi ka kumapiri. Ndiwe wa kuti?"

"Wa ku Tsangano."

"Epa! Ndagwetsa mbatata ya kwathu. Dzuka, mwanawe. Ine ndine Mbewe, wa ku Chidzolomondo, ku Macanga. Wagwa moipa kwambiri. Ubwere Lamulungu kuseri kwa macheka ndidzakuphunzitse kugwa."

AMbewe amagwira ntchito yocheka mitengo yochirikizira denga la mgodi. Adawakweza kumtunda chifuwa chitayamba kuwavuta. Ali mnyamata adatengedwa pa chibalo, ntchito yokakamiza ya atsamunda, kupita kudoko la ku Beira, ndipo kumeneko sitima ina idasiya wophika wake, Mjapani, atadwala malungo. AMbewe amamupititsira phala. Atachira, munthuyo adalibe chowalipira, ndiye amawagwetsa pamchenga tsiku lililonse mpaka adaphunzira. Masewerowo dzina lake judo. Mjapaniyo adawaphunzira kwa nkhalamba ina ya kwawo, ndipo aMbewe amanenetsa kuti nkhalambayo idali atsibweni ake.

"Adakuuzani yekha?" Dominiko adawafunsa tsiku lina. Dominiko adayamba kuphunzira kwa iwo ine ndisanafike, ndipo pakamwa pake padalibe chitseko.

"Akadandiuza m'chiyankhulo chanji? Chipwitikizi chake chidali cha mpunga ndi nsomba."

"Nanga mudadziwa bwanji?"

"Iwe, munthu angakupatse chinthu chotere asali mlongo wa amako? Ganizako."

"Nanga inu adakupatsani bwanji, poti simuli mwana wa mlongo wake?"

AMbewe adamugwetsa. Funsolo silidabwerenso.

Sukulu yathu idali dzenje la utuchi, pamwamba titayala tenti yakale ya lole. Majekete omenyera tidasoketsa a matumba a ufa, moti tikaweramira aphunzitsi kumsana kwathu kumawerengeka kulemera kwa thumba. Timawatchula aMesitiri. Okhawo ndiwo adali ndi lamba weniweni, wakuda koma atayera ndi ukalamba, amene Mjapani adawasiyira pokwera sitima. Miyezi yoyamba sadandilole kugwira munthu. Kugwa basi. Chagada, chammbali, chakutsogolo, dzanja kumenya tenti, chibwano pachifuwa. Ndidafika pogwa mwaulemu moti tsiku lina ndidagwa ndi dzira m'thumba la kabudula, ndipo dziralo lidaswa mwanapiye patapita masiku ake. Dominiko adadya nawo nkhukuyo. Za mangolomera aMesitiri adangoyang'ana mphini zanga n'kunena kuti wonditemerayo adali ndi dzanja labwino, akadakhala telala.

Kagwetsedwe kalikonse adakapatsa dzina la kumudzi. Kadalipo Tsache, kosesa phazi la munthu asanaliponde. Kadalipo Thumba la Mbatata. Kadalipo Mkamwini, kamene umagwa ndiwe poyamba kuti mnzako akudutse pamwamba. Zonsezi amatipatsa osawerengera.

Tikatha, timakhala pamulu wa matabwa thukuta likuuma, n'kumamvera za kwathu kwa madalaivala a malole. Nkhani zake zidali mayina a midzi. Wakuti watenthedwa. Akwakuti athawira ku Malawi. Msewu wa ku Furancungo sukuyendeka. AMesitiri amangoyamba kuyenda ndi pakamwa: kuchoka pa Furancungo, kusiya msika kudzanja lamanja, kamtsinje ka miyala yoterera, munda wa fodya wa akatekisiti, mtengo wa muwanga wong'ambika pakati, kenako nkhokwe ziwiri za mlongo wawo Nambewe. Akafika pankhokwepo amaima, ngati akudikira kuti galu awuwe. Nambeweyo adali ndi mwana wamwamuna, Jowakimu, amene aMesitiri adamusiya akukwawa. M'mutu mwawo mnyamatayo adali atakula kale, mapewa otambalala, miyendo ya kubanja kwawo, wongodikira kuphunzitsidwa. Ine ndimayendanso ulendo wanga chamumtima, mtunda wa kumsika, nkhungu, amayi akukumba kachewere chala chili gwa ndi chisanu. Njinga ndidali nditagula. Idaima m'chipinda, Dominiko n'kumayanikapo malaya.

Kagwetsedwe komaliza tidakaona kamodzi kokha. Kapitawo Sibanda, munthu wotalika moti nkhope yake timaidziwira pachithunzi, adamva za sukulu yathu n'kubwera kudzaseka. Adavula chipewa, nalowa pautuchi, nagwira aMesitiri pakhosi pa jekete ngati akunyamula mphaka. AMesitiri adangotembenuka, ngati munthu amene waitanidwa kumbuyo. Sibanda adadutsa pamwamba pathu, mthunzi wake n'kutiziziritsa, ndipo potera adafuula kuti, "Mayo!" Ndiwo mawu okha a Chichewa amene adayankhulapo moyo wake wonse.

"AMesitiri, chimenecho n'chiyani?" ndidafunsa.

"Icho n'chakwathu."

"Mutiphunzitsa liti?"

"Iwe ndiwe mwana wa mlongo wanga?"

"Ayi."

"Munda wa atsibweni ako ku Tsangano adzalima ndani, ine?"

"Ndidzalima ine."

"Pronto, basi. Ichi n'cha Jowakimu. Theka lake n'la Mjapani, theka ndidaikamo ndekha, ndiye ndi chuma cha pakhomo pathu. Ngakhale ndikadabereka mwana kuno, akadakapempha kwa atsibweni ake."

Kuyambira pamenepo tidangochitcha Chakwathu. Ndidayesa zonse. Ndidawatungira madzi, ndidawachapira, ndidawauza kuti agogo anga aakazi adadutsapo pa Chidzolomondo akupita kumaliro. Adati kudutsa si kubadwa. Amatumiza mawu kwa dalaivala aliyense wolowera ku Tete kuti Jowakimu abwere, ntchito ilipo, malo ogona alipo. Madalaivala amavomera, chifukwa kuvomera sikuboola tayala. Palibe adabwerako ndi yankho.

Chifuwa chija chidakula. Adayamba kuphunzitsa atakhala pachitsa, akuloza ndi kamtengo. Lamulungu lina masana, anyamata atabalalika, adandiuza kuti nditsale.

"Vala thumba lako."

Ndidavala.

"Tamvera bwino, iwe wa ku Tsangano. Sindikukupatsa. Ndikukusenzetsa. Wamva kusiyana kwake?"

"Ndamva."

"Sudamve. Munthu akakutuma ndi mbewu ya chimanga kwa mlongo wake, njala n'kukupeza panjira, umakazinga?"

"Ayi."

"Ukadzachigwetsera munthu ngakhale kamodzi, wakazinga. Sudzaphunzitsa mnzako, sudzaphunzitsa mwana wako. Ukachitule pakhomo pa Nambewe chathunthu, ubwereko chimanjamanja. Ukulumbira?"

Ndidalumbira pa amayi anga. Adaimirira movutika, nandiuza kuti ndiwagwire mwamphamvu ngati Sibanda. Ndidawagwira, ndipo m'manja mwanga mudali mafupa okhaokha. Ndidachita mantha kuti ndiwathyola. Ndikuganiza zimenezo, dziko lidatembenuka. Kudali kugwa kwina, kosafanana ndi kwina kulikonse. Sumamva kukokedwa kapena kukankhidwa. Umangomva ngati wina wakunyamula mwachikondi, kenako wasintha maganizo. Ndidaiwala chibwano, ndidaiwala dzanja, ndipo phewa ili lidalowa m'kaundula wa mboni tsiku limenelo.

"Wagwa moipa," adatero akutsokomola. "Zaka zonsezi utuchi wanga udapita pachabe. Dzuka, uone mapazi."

Tidatha masabata angapo. Iwo sadathenso kundigwetsa kachiwiri, mpweya udawathera. Adamangirira chubu cha njinga kumtengo, chubu cha njinga yanga yomwe ija, kuti chikhale mkono wa mdani, ine n'kumatembenuka, kutembenuka, kutembenuka, iwo akundimenya akakolo ndi kamtengo. Tsiku limene kamtengoko kadakhala chete adamasula lamba wawo n'kundipatsa kuti ndipinde. Adamwalira mvula yoyamba itangonunkhira. Abale awo kudalibe, choncho ine ndi Dominiko tidawasambitsa, tidakumba, tidawaika m'manda a pakomboni, pakati pa Mlomwe ndi munthu wa ku Chipata.

Katundu wa mwini amalemera, abale. Chakwathu chidakhala m'chiuno mwangamu, chakumanja. Ndidaonda ndi chisoni mpaka lamba wa buluku kuboola mabowo atsopano, koma sikelo ya kuchipatala cha mgodi idati ndanenepa. Adokotala adaigogoda, adaitembenuza, adaitanitsa ina. Ine ndimadziwa chimene ikuyeza. M'mawa uliwonse ndisanatsike pansi ndimapita kumtengo uja kukatembenuka ndi chubu, kuti chinthu cha eni chingachite dzimbiri. Ndimafufuta mapazi anga pafumbi pochoka. Pansi pamgodi mwala ukathothoka kudenga ndimayamba kuteteza chiuno, mutu pambuyo. Mantha anga adali amodzi: kuti ndidzafa, kapena mawondo adzandithera, msewu usanatseguke.

Sukulu idatsala m'manja mwanga, ndipo idayenda ndithu mpaka kudabwera mnyamata wina wa ku Harare. Adali wa karate, wovala zoyera zogula kusitolo, wokuwa ngati wapondedwa ndi ngolo. Adati wamva kuti kuno kuli madala ogubuduzana m'matumba a ufa. Komboni yonse idasonkhana. Tidalowa pautuchi. Adandimenya chidendene m'nthiti, ndidamusesa ndi Tsache, adadzuka. Adandimenyanso, ndidamuyesa Thumba la Mbatata, adapulumuka. Kenako adalakwitsa. Adatambasula mkono n'kutsamira kutsogolo, ndendende pamene Chakwathu chimafuna munthu. Chiuno changa chidayamba kutembenuka chokha. Ndidachimva chikudzuka ngati galu amene wamva fungo la nyama. Ndidachigwira. Ndidaima njo, ngati munthu woyembekeza shapa, minibasi ya kwathu, ndipo mnyamatayo adandichotsa mano akutsogolo ndi phazi. Limodzi adalitola ana kuseri kwa tchalitchi.

Lamulungu lotsatira ophunzira anga onse adali kwa iye, akukuwa.

"Chitsiru iwe," adatero Dominiko akundithira madzi amchere m'kamwa. "Ndidakuona. Udali nacho m'manja."

"Si changa."

"Mwini wake ali m'manda. Winayo mwina alinso m'manda, kapena ali m'tchire ndi mfuti, sakudziwa n'komwe kuti kuli judo. Ukusungira ndani? Chiswe?"

"Ndidalumbira."

"Udalumbira uli ndi mano. Taona tsopano, ukuti 'ndidalumbila' ngati mwana."

Pang'ono ndimagwirizana naye. Komabe m'mawa mwake iye yemweyo ndi amene adandibweretsera chubu china, chakale chija chitaduka.

Mfuti zitayamba kuzizira ndidanyamuka. Malole amayendabe pa koluna, mndandanda wautali asilikali ali kutsogolo ndi kumbuyo. Ndidakwera pamwamba pa matumba a chimanga ndi njinga yanga, mabulangete ndi kabokosi ka aMesitiri. Njinga idatsala pa chotchinga msewu choyamba, msilikali wina adaikonda. Mabulangete adatsala pa chachiwiri. Pa chachitatu kamnyamata ka mfuti yotalika kuposa iko kadandipapasa thupi lonse n'kufunsa kuti ndabisa chiyani china.

"Nada, shefi. Palibe, bwana," ndidatero.

Dzanja lake lidali pachiuno pomwepo. Sikadamve kanthu.

Ku Tsangano ndidapeza mtengo wa pichesi utamera pakati pa nyumba yathu, nthambi zitatulukira pomwe padali denga. Amayi adamwalirira ku msasa wa othawa nkhondo, tsidya la ku Ntcheu. Mlongo wanga adali atangobwerako, ndi ana amene sindimawadziwa, oyankhula ngati a pawailesi ya ku Malawi. Adandiyang'ana nthawi yaitali.

"Achimwene anga adali ndi mano," adatero.

"Adatsala ku ntchito."

"Nanga malata?"

"Akubwera ndi mano."

Adaseka, kenako adalira, ine n'kumuthandiza. Ndidakhala masiku owerengeka, ndidakaona pamene amati ndi pamunda pathu, koma tulo sindimapeza. Ndidamuuza kuti ndili ndi katundu wa eni wopita ku Macanga. Adayang'ana kabokosi kaja n'kunena kuti n'kochepa, ndingotuma munthu. Ndidati chachikulu sichili m'bokosi.

Ku Furancungo ndidafika pa lole ya fodya yopanda fodya. Makoma a maofesi adali mabowo okhaokha ngati chisa cha mavu. Anthu adandichenjeza kuti ndiziponda pomwe yaponda ng'ombe, chifukwa m'mbali mwa njira mudali mabomba okwirira. Ndidayenda ulendo wa aMesitiri monga amaunenera pamatabwa paja. Msika kudzanja lamanja. Kamtsinje ka miyala yoterera, ndipo ndidatererapo, kuti mawu awo asapite pachabe. Munda wa akatekisiti udali thengo. Muwanga wong'ambika udalipo. Mitsinje ndi mitengo zidasunga malo ake onse, midzi yokha ndiyo idasowa. Pamene padayenera kukhala nkhokwe ziwiri padali zisakasa zatsopano za udzu wauwisi, ndi mayi wina wa msinkhu wapakati akusenda chinangwa.

Ndidakhala pansi chapatali n'kuwomba m'manja. Ndidafunsa za aNambewe. Adatuluka m'chisakasa atagwira khoma, maso atachita nkhungu, koma miyendo idali yomwe ija ya kakowa. Ndidapempha kuti aitane bambo wa pafupi, chifukwa uthenga wotere mlendo saponya yekha pamaso pa mayi. Adabwera mwamuna wa mayi wosenda chinangwa uja, dzina lake Lusiyano, ndipo ndidanong'oneza iye za imfa ya aMbewe, iye n'kuuza apongozi ake aNambewe. Maliro adalirika masana amenewo ngati mtembo uli pomwepo. Adali atawalira kale kamodzi mongoganizira, koma adati kulira kongoganizira sikukhutitsa.

M'mawa mwake ndidatsegula kabokosi. Lumo, kolona, jekete la thumba la ufa, lamba. Kenako ndidafunsa za Jowakimu.

"A mfuti adamutenga akupalira fodya," adatero aNambewe. "A mbali iti sitidafunse. Amene adabwerako akuti adamuona atagona pa dambo lina. Manda ake ndilibe."

Chiuno changa chidalemera moti ndidamira pang'ono m'dothi. Chizindikiro chake chidakalipo pabwalopo. Ndidafotokoza zonse, za Beira, za utuchi, za lumbiro, za mano. Lusiyano adamvetsera kukamwa kuli yasa.

"Ndiye ndipatseni ine," adatero, akukwinya malaya. "Ndine mwamuna wa pakhomo pano."

"Khala pansi, iwe," adatero aNambewe. "Ndiwe mkamwini. Mawa ukakangana ndi mwana wanga udzanyamula n'kupita nacho kwanu ku Kazula. Cha achimwene anga sichituluka pano." Adaloza kumene kumamveka mpeni. "Mwana wa mlongo wawo ndi uyo. Rozariya. Adabadwa iwo atapita kale, koma mimba yake ndi yomweyi."

Rozariya adaleka kusenda. "Ine, amayi? Ndigwetse ndani? Ndili ndi ana anayi ndi munda wosalima."

"Udzagwetsa amene adzafunike. Dzuka."

Apa padabuka vuto lina. Chakwathu sichiphunzitsika ndi pakamwa. Wolandirayo ayenera kukugwira mkono, kukulowa pansi pa chifuwa, msana wake kukhudza mimba yako. Ine mlendo, iye mkazi wa mwini, mwamuna wake ali pomwepo. Ndidanena zimenezi maso ali pansi. Lusiyano adati zimenezo ndiye ayi, ngakhale kwa ansembe zikafika. Rozariya adafunda chitenje kumaso. Ndidaona ulendo wanga wonse ukuthera pa manyazi.

ANambewe adatembenuzira khutu kwa ine. "Iwe wa ku Tsangano. Achimwene anga adawasambitsa ndani?"

"Ine ndi mnzanga."

"Manda adakumba ndani?"

"Ife tomwe."

"Ndiye manyazi akuchokera kuti? Uyu si mlendo, ndi mdzukulu wa pamaliro athu. Mdzukulu amalowa m'nyumba osaodira, amagwira nkhuku yathu ife tikuona, timamutukwana, amatitukwana. Anthu a pamanda alibe ulemu ndi ife, ifenso tilibe nawo. Rozariya, kamugwire fisi wopanda manoyo."

Anthu amene adatsalira pamaliro adaseka koyamba. Mayi wina adakuwa kuti ndiyambe ndabweza nkhuku imene ndidadya dzulo. Lusiyano adakanda m'mutu n'kuvomera kuti mdzukulu ndi mdzukulu, koma iye aima pafupi.

Tidapita pamunda wongogalauza kumene, pofewa. Ndidamangirira chubu kumtengo n'kuonetsa mapazi pang'onopang'ono: ili apa, ili litsatire, mawondo apinde, chiuno chilowe, kenako kaphewa kagwe pang'ono chammbali, pamene padali chinsinsi chonse. Rozariya adavala jekete la atsibweni ake pamwamba pa chitenje. Mapazi adamuvuta. Adasokoneza, adabwereza, adatukwana chubu. Dzuwa lidakwera. Koma titafika pa kaphewa kaja adaima n'kundiyang'ana.

"Bwerezani pamenepo."

Ndidabwereza.

"Amayi," adaitana, "uku si kuja mumatulira mtolo wa nkhuni? Kuja mumati tikagwetsa phewa khosi silipweteka?"

"Ndi kwa amayi anga kumeneko," adayankha aNambewe ali pamthunzi. "Achimwene amatiseka nako tikuchokera kuthengo, amatiyeserera ndi mtolo wa mapesi. Kani adapita nako ku Beira?"

Palibe adaseka. Ine ndidayang'ana kumbali, ku muwanga uja, mpaka maso adauma.

"Tiyeni, adzukulu," adatero Rozariya. "Ndigwireni ngati mukufuna kundilanda thumba."

Ndidamugwira pakhosi pa jekete. Nsaluyo idali ikadanunkha utuchi. Ndidatsamira kutsogolo, ndipo adatembenuka ngati munthu amene waitanidwa kumbuyo.

Ndidaona Macanga yense. Ndidaona Furancungo, ndidaona mapiri a kwathu ku Tsangano ndi nkhungu yake, ndipo chakumwera kwenikweni ndidaona kautsi ka mgodi. Koma zimenezo n'zazing'ono. Chachikulu n'chakuti m'kanthawi kameneko, pakati pa kunyamulidwa ndi kutayidwa, lidali dzanja lomwe lija la aMesitiri. Ndidatera chagada m'dothi la Chidzolomondo, chibwano pachifuwa, dzanja kumenya pansi. M'chiuno mudali mopepuka ngati mwa mwana.

Ndidagona pomwepo ndikuyang'ana kumwamba, kudikira kuti wina atsokomole n'kundiuza mmene ndagwera.

"Mwafa, adzukulu?" adafunsa Rozariya, ataweramira pa ine. "Mukafa akukumbirani ndani?"

"Sindidafe, mayi."

"Ndiye dzukani. Chafika, kapena chatsalako china?"

Chidali chitafika chonse, sichidatsaleko ngakhale kakhutu. Ndidadzuka, ndidasasa dothi, n'kumugwiranso pakhosi pa jekete.

"Phazi lakumanzere lidachedwa pang'ono," ndidanama. "Tabwerezani."